Timavu ta Amalume a Damiyano

Sabata yatha tinamanga chiliza cha amalume a Damiyano Mwale, patatha chaka chiwaikireni m'manda. Titatha kudya, akuluampingo anapempha kuti wachibale mmodzi anenepo mawu okumbukira malemu, ndipo maso onse anatembenukira kwa ine, poti mwa ana a mlongo wawo wamkulu amene watsala ndine. Ndinati pakhosi panga sipali bwino. Anaimirira ndi mkamwini wawo, a Jere a chigayo, n'kunena zomwe zimanenedwa kumanda: kuti malemu anali munthu wakhama, wosamwa mowa, wokonda ana ake. Ziwiri zoyambazo n'zoona. Chachitatucho chinandikhala pamtima ngati nyama yogona, ndipo n'chifukwa chake ndati ndinene za munthuyu monga ndinamudziwira ine.

Mwana wawo wamwamuna, Sitefano, pa chilizapo panalibe. Pa maliro panalibenso. Alendo ochokera kutali ankafunsana monong'ona ngati uthenga sunamupeze, chikhalirecho amakhala kungodutsa malire a Zambia, ulendo woti wa njinga amapita n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Uthenga unamupeza. Foni ndinamuimbira ndine.

Aliyense amene analowapo m'nyumba ya amalume akamakamba za iwo amayamba ndi fungo. Tsiku lomwe anamwalira, ife amayi tinalowa kuchipinda chakumbuyo kuti tikonze pogona anthu obwera pamaliro. Woyamba kulowa anatuluka atagwira pakamwa. Kuyambira pansi mpaka kudenga kunali mashelefu a matabwa, ndipo pa mashelefupo panali mabotolo: a jamu, a mafuta ophikira odulidwa pakhosi, ena a mankhwala a kuchipatala. Lililonse linali lomangidwa kukamwa ndi kansalu ka malaya akale ndi mphira ya chubu cha njinga. Mkatimo munali chimanga chofumbwa, china choyera ndi ufa, china chakuda ndi chuku, ndipo ukayang'anitsitsa chinkayenda. Tonse titakhala chete tinamva kaphokoso ngati mvula yowaza patali. Anali anankafumbwe akudya. Tinatuta zonse n'kukatentha kudzenje, titamanga mipango kumphuno. Kwathu kuno botolo labwino silitayidwa, koma tsiku limenelo palibe mayi anapempha ngakhale limodzi.

Amalume anagwira ntchito zaka zambiri kumalo ena ofufuzira za ulimi kufupi ndi Lilongwe. Kumudzi tinkangodziwa kuti ali m'boma, ndipo akabwera pa Khirisimasi atavala malaya osita tinkaganiza kuti amakhala pa desiki. Atapuma ntchito n'kubwerera kuno kwa Mavwere ndi akazi awo a Nachisale ndi ana awiri, Veronika ndi Sitefano, m'pamene tinadziwa kuti ntchito yawo inali yoweta tizilombo. Ankasamala chipinda momwe akatswiri ankasungira anankafumbwe pamodzi ndi timavu tina todya ana a anankafumbwe, pofuna kuona ngati tingathandize kuteteza chimanga m'nkhokwe. Anzawo akapuma ntchito amabwera ndi wailesi kapena makina osokera. Iwo pa lole yomwe inawabweretsa anakhala kutsogolo atafukata katoni ya mabotolo ngati khanda, akazi awo ali kumbuyo pamwamba pa matilesi, fumbi likuwathira.

Timavuto si mavu aja omanga zisa kudenga. N'tating'ono kuposa nyerere, takuda, ndipo wosauzidwa angati ndi fumbi. Amalume anali ndi kagalasi kokuzira zinthu komwe ankakoloweka m'khosi ndi chingwe cha nsapato, pamodzi ndi kolona ndi kiyi. Mlendo asanapatsidwe madzi akumwa ankayamba wasuzumira m'kagalasiko, n'kumvera phunziro lomwe tonse tinaliloweza osafuna.

Ankati nankafumbwe amaboola njere ya chimanga n'kuikiramo dzira. Dziralo limaswa mphutsi, ndipo mphutsiyo imadya njereyo kuchokera mkati, kunja osaoneka kanthu. Ndiye kamavu kakakazi kamabwera, kamayenda pa njerezo kakugogoda ndi tinyanga take ngati mayi wosankha maungu pamsika, mpaka kamve kuti muno muli mwini wake. Kakatero kamabaya njereyo ndi kasingano ka kumchira, n'kuluma mphutsiyo kuti ifooke koma isafe, kenako n'kuikira dzira lake pathupi pa mphutsiyo. Mwana wa kamavu akaswa amayamwa mphutsi ija ili moyo mpaka itatsala chikopa chokha.

Kwa ife zimenezi zokha zinkakwana kutibweza chakudya. Koma pomwe maso a amalume ankawalira panali potsatira. Kamavuko, ankatero, sikaikira mwachisawawa. Pobaya paja kamakhala kakuyeza. Mphutsi ikakhala yonenepa kamaikapo dzira la mwana wamkazi, ikakhala yowonda kamaikapo la mwana wamwamuna. Kamatha kusankha chifukwa mbewu ya mwamuna kamaisunga m'kathumba m'mimba mwake. Kakatsegula kathumbako pamene dzira likutuluka, pabadwa wamkazi. Kakatseka, dzira limatuluka lopanda mbewu, ndipo pabadwa wamwamuna. Nzeru yake ankati ndi yakuti wamkazi amafunika thupi lalikulu kuti anyamule mazira ambiri ndi kukhala masiku, pomwe wamwamuna ngakhale akhale wonyentchera, ntchito yake ndi imodzi ndipo amaikwanitsa. Ankawonjezeranso kuti kunenepa n'koyerekeza: m'botolo momwe mphutsi zonse n'zowonda, yomwe yaposako zinzake pang'ono ndiyo imalandira wamkazi.

Mwana wanga wina amene anaphunzira za ulimi anadzandiuza kuti zonsezi n'zoona, amalume sanapeke. Ine sindinakayikepo. Tizilombo timachita zomwe tinalengedwera. Chomwe chinkandinyansa ndi munthu amene anayang'ana zinthu zimenezi zaka zonsezo n'kuona kuti wapeza malamulo oyendetsera banja.

Nthawi yomwe ankakonda kung'amba njere inali ya chakudya. Anthu mukusamba m'manja, iwo ankatulutsa lezala m'thumba la malaya, n'kung'amba njere pa bondo, n'kuiika m'mphepete mwa mbale ya ndiwo kuti aliyense aone kamphutsi koyera kali ndi kanzake kakang'ono kokakamira pamimba. Chikhadabo cha chala chawo chachikulu sankachiwenga, chinali chosendera njere, ndipo pansi pake nthawi zonse panali ufa wachikasu. Ndi chala chomwecho ankatapira ndiwo. A Nachisale anayamba kudyera kukhitchini chaka choyamba chomwe, ndipo malichero awo ankawabisa kwa amayi anga, poti amalume akalipeza ankapeterapo za m'mabotolo.

Ndi oyandikana nawo sankamvana. Anthu ankati anankafumbwe a m'mudzi monse amachokera kuchipinda chija. Mayi wina wa nyumba yoyang'anana nayo, atapeza chimanga chake chitafumbwa chisanafike pakati pa chaka, anasenza beseni lathunthu n'kukalikhuthula pakhomo pawo akutukwana. Amalume anatuluka, anagwada, anatapa pang'ono n'kuunika ndi kagalasi, kenako anamuthokoza mayiyo mwaulemu n'kuwolera zonse kulowa nazo m'nyumba. Mayiyo anabwerera akulira ndi mkwiyo. Kutchalitchi nako anawasankhapo kamodzi kuti akhale mmodzi wa alangizi a ukwati, poona kuti ndi munthu wosamwa ndiponso wokhala ndi mkazi mmodzi. Anaimirira pamaso pa apongozi a mbali zonse n'kuyamba kufotokoza za kathumba kaja, mmene kamatsegukira ndi mmene kamatsekekera. Amayi akuluakulu anafunda nsalu kumaso. Sanasankhidwenso.

Chodabwitsa n'chakuti chimanga chawo chakudya sichinafumbwepo. Ankachiyanika mpaka chizilira pa dzino, n'kuchisokera m'matumba, n'kuchitsekera m'chipinda chapakati, ndipo kiyi wake ndi uja anali m'khosi. Timavu sankatiwetera kuteteza chimanga. Iwo eni ankavomera kuti sitingathe kumaliza anankafumbwe m'nkhokwe. Ankangokonda kutiyang'ana tikusankha.

Nawonso ankasankha. Mwana akabwera kudzawapatsa moni ankamutsina pamkono, pamwamba pa chigongono, osati mosewera ayi, koma ngati wogula mbuzi. Akapita kukacheza pakhomo pa munthu, maso ankayamba kudenga, kenako kukhola, kenako kunkhokwe, n'kumalizira kumaso kwa mwini nyumba. Pobwerera ankauza a Nachisale mawu amodzi okha, kuti yonenepa, kapena kuti yowonda. Ife a pabanja la mlongo wawo tinali yowonda, ndipo ankatiuza pamaso.

Veronika, msuweni wanga, anali ndi mnyamata wake, wokonza njinga cha ku Kachebere, munthu wansangala amene ankamuperekeza kuchokera kukwaya. Nkhani itafika kwa amalume, anapita okha kukaona komwe mnyamatayo ankagona, n'kupeza kanyumba ka udzu ndi mulu wa masipoko. Ankhoswe a kuchikazi, alongo awo a Nachisale, anayesa kunena kuti za ukwati wa mwana mwini wake ndi iwo, koma amalume anawayankha kuti mwana amene wakulira pa chimanga chawo aikidwa pomwe iwo ayeza. Pomwe anayeza panali pa a Jere, bambo wofedwa mkazi, mwini chigayo ndi ngolo, amene mwana wawo woyamba anali mnzake wa Veronika kusukulu. Veronika analira mpaka maso kutupa, kenako anasiya. Tsiku la ukwati, anthu akuvina, amalume anawatsina amayi anga n'kuwauza monyadira kuti mwana amuika pa yonenepa. Amayi anga analavula pansi. Lero Veronika ndi mayi wathupi, wa nyumba ya malata, wosayankhulayankhula. Ndinamufunsapo tili awiri ngati amakhala mokondwa. Anandiyankha kuti sanagonepo ndi njala, n'kusintha nkhani.

Pogawa minda anachitanso chimodzimodzi. Dimba la kumtsinje ndi munda wa katondo anapatsa Veronika, amene sankazisowa n'komwe. Sitefano anamulozera kumtunda, pa nsangalabwi, pomwe khasu ukalimenya limatulutsa moto. Amayi anga anapita kukawadandaulira kuti mnyamatayo akwatira posachedwa, adzadyetsa chiyani ana pa miyala. Amalume anati mwamuna safuna zambiri, bola apume. Sitefano anali munthu wofatsa, wamtali, wowerama pang'ono ngati wopepesa kuti watalika. Analimbana ndi miyala ija mpaka manja kuchita zikang'a, ndipo ataona kuti sizikuyenda anapita kukalowa utenanti pa esiteti ina ya fodya kumpoto kwa boma lino. Kumeneko anakwatira Esinati, mwana wa matenanti ochokera ku Mulanje. Kunyumba ankabwera mwa apo ndi apo, ndi kapaketi ka shuga ka amayi ake.

Chaka chomwe ndikufuna kunena mvula inadula chimanga chikumasula. Mwini esiteti uja anayamba wachepetsa chakudya chomwe ankapatsa matenanti, kenako anasiyiratu, kenako ena anawathamangitsa fodya akadali m'chigafa. Sitefano anali mmodzi wa iwo. Anafika kuno mwezi wa njala weniweni, masana dzuwa lili pamutu. Ine ndinali pakhomopo, ndikuthandiza a Nachisale kusadzula nkhwani. Tinaona anthu akubwera m'njira, mwamuna atasenza mphasa ndi poto, mkazi atabereka mwana woti akanayenda yekha, kamtsikana kakutsatira m'mbuyo. A Nachisale anamuzindikira mwana wawo ndi kayendedwe, poti nkhope inali itasintha. Mtsikanayo anali Tadala, wa msinkhu woyamba sukulu. Wakumsanayo anali mlongo wake, Yamikani, tsitsi litafiira, mapazi atatupa ngati mbatata.

Amalume anatuluka, analonjera alendo mwa dongosolo lake, anafunsa za ulendo. Kenako anaitana anawo mmodzimmodzi n'kuwatsina pamkono. Pa Tadala anagwedeza mutu movomera. Pa Yamikani chala chawo chinasiya kadzenje komwe sikanabwerere msanga, ndipo anapukuta chalacho pa buluku. Analowa m'nyumba. Tinamva chitseko chikutseguka, ndipo a Nachisale anapumira m'mwamba poganiza kuti ndi cha chipinda chapakati. Chinali chakumbuyo. Anatuluka akukoka thumba, n'kuliimika pamaso pa Sitefano, n'kunena kuti banja lake liyambe ndi limeneli, ndipo akhoza kugona m'kanyumba kosungiramo makasu. Anawonjezera kuti Tadala yekha azidyera m'nyumba yaikulu.

Thumbalo tonse tinkalidziwa. Ndi momwe ankakhuthulira za m'mabotolo tizilombo tikamaliza kudya. Esinati atalimasula, fungo linatipeza tonse pomwe tinakhala, fungo lowawasa, la mkodzo wa mbewa losakanikirana ndi la chinthu chonyowa chomwe chaiwalika pakona. Anabwereka lichero n'kuyamba kupeta, ine n'kumuthandiza. Njere iliyonse inali chigoba chokhala ndi bowo. Tikaponya m'mwamba, theka linkauluka ngati mankhusu, ndipo ufa wake unkatimatirira m'mikono ndi m'nsidze, wina n'kutilowa m'kamwa. Titathira zotsalazo m'madzi, pamwamba panayandama anankafumbwe akufa, zikopa za mphutsi ndi timavu touma, mpaka madzi osaoneka. Tinatsuka, tinataya, tinatsukanso. Ufa womwe unatuluka unali wotuwa ngati phulusa, ndipo phala lake linkawawa kukhosi. Yamikani anamwa chifukwa cha njala. Lisanalowe dzuwa anali atasanza, ndipo m'mawa mwake anayamba kutsegula m'mimba.

Musaganize kuti enafe tinangoyang'ana. Amayi anga anapereka kaufa komwe tinali nako, koma kwathu nako tinali tikudya kamodzi patsiku. Veronika anatumiza gaga wa kuchigayo mobisa, amuna ake asakuona. Zonsezi zinali zongonyambita. Chimanga chenicheni chinali kuseri kwa chitseko chimodzi, matumba ounjikana mpaka pawindo.

Tadala ankalowa m'nyumba yaikulu nthawi ya chakudya monga analamulira agogo ake. Patapita masiku ochepa, amalume anaona kuti mwanayo amamaliza msanga n'kutuluka atagwira pamimba. Anamuimitsa pakhomo, anamupisa m'diresi, n'kupeza mbamu ya nsima itamatirira pakhungu, yomwe ankapititsira mlongo wake. Sanamumenye. Amalume sankamenya munthu. Anangolamula kuti kuyambira tsiku limenelo azidya atakhala patsogolo pawo, ndipo akamaliza azitambasula manja ndi kukutumula diresi. Ndinamuonapo mwanayo akudya motero, misozi ikugwera m'mbale, agogo ake akumulimbikitsa mokoma mtima kuti adye akule.

A Nachisale, amene zaka zonsezo anali atameza zambiri, tsiku limenelo analankhula. Anawauza amuna awo kuti ngakhale kamavu kawo kaja, koipa konse, mwana wamwamuna kamamusiyira chakudya chomukwana mpaka auluke. Amalume anaganizira pang'ono n'kuvomera kuti mfundoyo ndi yoona, ndipo n'chifukwa chake nawonso apereka thumba lathunthu.

M'mawa wa tsiku lotsatira ndinabwera ndi masamba a chinangwa. Amalume anali pakhonde, lezala m'manja, kagalasi padiso. Sitefano anatuluka m'kanyumba ka makasu, anayenda mpaka pamasitepe, anavula chipewa n'kunjuta pansi. Chifikireni anali asanadandaulepo.

"Bambo, mwana uja akutupa," anatero. "Sindikupempha munda. Ndikupempha ndowa imodzi ya chimanga chabwino."

Amalume sanachotse diso pa njere. Anati chimanga chomwe chili m'nyumba anachiyeza kale kuti chifike pokolola kwa anthu a m'nyumbamo, ndipo thumba lija likadalipo.

"Ndine mwana wanu, bambo."

Pamenepo anatsitsa kagalasi n'kumuyang'ana. Nkhope yawo inalibe mkwiyo. Analankhula ngati munthu wonena kuti kunja kwachita mitambo.

"Ndinakuphunzitsa uli wamng'ono, iwe. Kamavu kakamuna kalibe bambo. Kali ndi mayi okha. Kapemphe kwa amako."

Sitefano anakhalabe chinjutire kwa kanthawi, akuzunguza chipewa m'manja. Kenako anaimirira n'kubwerera kukanyumba kuja. Ine masamba aja ndinangowasiya pansi. Ndinapita kuseri kwa khola n'kukalavula.

A Nachisale anamva zonse ali kukhitchini. Masana amalume atapita kumsonkhano wa akhristu a kumphakati, anatenga nkhwangwa. Anali mayi wamng'ono thupi, wodwaladwala msana, koma chitseko cha chipinda chapakati anachiwaza mpaka loko anagwa pansi ndi thabwa lake lomwe. Anang'amba thumba limodzi, anadzaza ndowa, anadzazanso beseni, n'kundiuza kuti ndithamange nazo kuchigayo amuna awo asanabwere. Amalume pobwera anaima pakhomo la chipindacho, anayang'ana zidutswa za matabwa, anayang'ana akazi awo. Sanakalipe. Anaitanitsa kalipentala, anaikitsa chitseko chatsopano chokhuthala, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanawalankhulenso a Nachisale mpaka imfa yawo. Akafuna madzi osamba ankauza khoma.

Ufa wabwino uja unafika mochedwa kuti uchiritse Yamikani wokha. Sitefano anamubereka pa njinga yobwereka kupita naye kuchipatala ku Boma, komwe anamugoneka pamodzi ndi mayi ake mpaka kutupa kutaphwa. Mwanayo anachira. Atatuluka, banjalo silinabwererenso kukanyumba ka makasu. Anafikira kwathu, anagona, ndipo kutacha ananyamuka kupita kwa achibale a Esinati amene anasamukira kutsidya kwa malire. Akumanga katundu, amalume anatuma munthu kudzanena kuti ngati ulendo ukuwalemera, mtsikanayo akhoza kumusiya. Esinati anamugwira Tadala padzanja mwamphamvu mpaka mwanayo anadandaula, ndipo anayenda osatembenuka.

A Nachisale anamwalira patapita zaka zochepa. Sitefano anabwera pa maliro a amayi ake, anakhala kumbali ya adzukulu okumba manda, ndipo mwambo utatha anakwera njinga osalowa pabwalo. Amalume sabata yomweyo anasamutsira mabotolo ena pa bedi la akazi awo, ati kumeneko kumafunda bwino.

Anakalamba ali ndi mano awo onse. Maso okha ndi omwe anayamba kuchita khungu, ndipo mlendo akabwera ankamupempha kuti awaonere m'kagalasi ngati komwe katuluka m'njere n'kakakazi kapena kakamuna. Alendo anachepa. Chakudya chinkachokera kwa Veronika, ndipo masiku ena ndinkawapititsira ine, poti amayi anga pomwalira anandiuza kuti mlongo wawo, kaya akhale wotani, asafe ndi njala. Ndinkasiya mbale pakhonde. M'nyumba sindinkalowa.

Tsiku lina, atandiitana kuti ndikhale pansi, ndinawafunsa ngati nkhani ya Sitefano imawabwerera m'maganizo. Ndinkayembekeza kuti ukalamba wawafewetsa, kapena kuti akwiya. Anaseka pang'ono. Anandifunsa ngati Veronika akuvutika. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati Sitefano ali moyo. Ndinati ali moyo, akulima soya, ana akupita kusukulu. Anafunsanso za kamnyamata kotupa kaja, ndipo nditati kanakula, anatambasula manja ngati munthu amene wapambana mlandu. Anati ndiye kuti anayeza bwino, palibe chinatayika. Pomwepo anang'amba njere ina n'kundipatsa kuti ndiwaonere. Ndinanyamuka osatsanzika.

Anamwalira masana, pampando wawo, atangomaliza kudya. Sanadwale, sanavutike, sanaitanitse munthu aliyense kuti apepese. Nditamuimbira Sitefano n'kumuuza, anandifunsa ngati kwathu kuno mvula yayamba, poti kwawoko anali atadzala kale. Ndinati yayamba. Anati ndipereke moni kwa ana, n'kudula.

Popita kumanda sabata yathayi ndinadutsa pakhomo pawo. A Jere anachotsa malata, zitseko ndi mafelemu a mawindo n'kukamangira sitolo ya kuchigayo, ndiye pangotsala makoma, omwe mvula yayamba kuwadya kuchokera pamwamba. Veronika anauzapo achibale kuti amene akufuna malowo amangepo, koma palibe wabwera, ngakhale anyamata ongokwatira kumene amene akusowa pomanga. Njira yomwe inkadutsa pabwalo kupita kuchitsime inafa, anthu anatsegula ina yozungulira kuseri kwa nsungwi, ngakhale ndi yotalikirapo. M'zipinda mwamera udzu wofika m'chiuno. Pabwalo ponse pali bonongwe ndi chisoso, zobiriwira kuposa za m'dimba, ndipo ino ndi nyengo yomwe ndiwo zimasowa m'mudzi. Amayi amadutsa chapatali ndi madengu awo opanda kanthu, kupita kukathyola kwina.